Kusankhira malume boti

Anthu ogula boti lachisangalalo, lija amati yacht, amayambira pamwamba. Amakwera makwerero, kukhala pampando wa woyendetsa, kugwira chiwongolero ndi manja awiri maso ali kutali, boti lili chimangire padoko. Kenako amatsikira kuchipinda chogona, kudinikiza matiresi ndi chala, kutsegula timakabati. Ife amakaniko timalowera kwina. Timafunyulula kapeti, kukweza chitseko cha pansi, n'kutsetserekera m'dzenje la injini tochi ili kukamwa. Ndagwira ntchito imeneyi zaka zambiri m'madoko a Cape Town, makamaka ku Hout Bay, ndipo nthawi zambiri wogula amakhala akuganiza za Loweruka limodzi ladzuwa pamene ine ndikuganiza za masiku ena onse a chaka.

Malume anga, alongo awo a mayi, ndi munthu wa malole. Anayamba ndi lole imodzi yotuta feteleza kuchokera ku Beira, ndipo pofika zaka za imvi anali atamanga nyumba m'mphepete mwa nyanja ku Mangochi. Mtima wawo unagwa pa boti lokhala ndi chipinda, chimbudzi ndi khitchini, loti n'kupita nalo ku Likoma alendo atakhala pamthunzi. Usiku ndi usiku foni yanga inkadzaza ndi zithunzi za maboti otsatsidwa pa intaneti, pansi pake mawu omwewo: “Mphwanga, tandionere ili.” Mapeto ake ndinawauza kuti chithunzi sichinunkha dizilo, abwere adzaone okha.

Atabwera, boti loyamba limene tinaona linali lokongola, sindingakane. Mamita 12 m'litali, la faiba, lopukutidwa mpaka kudziona nkhope, mipando yoyera mbee, ndi kansanja pamwamba kokhala ndi chiwongolero chachiwiri. Pansi pake panali injini ziwiri za Caterpillar 3208, iliyonse ya mahosipawa 375, ndipo wotchi yowerenga maola inkaonetsa 900 pa boti la m'ma 1990. Malume anandigunyuza. Kwa iwo imeneyo inali injini yoti sinayambe n'komwe ntchito, poti lole yawo imakwanitsa maola amenewo pa miyezi yowerengeka.

Nzeru za pamsewu zimasocheretsa munthu pamenepa. Injini ya boti kawirikawiri siifa ndi ntchito, imafa ndi kukhala. Lole imaziziritsidwa ndi mphepo yodutsa mu rediyeta. Boti limayamwa madzi omwe likuyandamapowo, n'kuwadutsitsa m'timapaipi tating'ono mmene amachotsa kutentha kwa madzi a injini, kwa oyilo ndi kwa mpweya wochokera ku turbo, kenako n'kuwalavulira mu ekizozi. Kunyanja ya mchere, injini ikazima mchere uja umatsala momwemo mwezi ndi mwezi, kumadya zitsulo ndi kutseka timabowo. Maola 900 pa zaka 30 ndiye kuti maola 30 pachaka. Boti limenelo linathera moyo wake lili chimangire, oyilo akukalamba, labala akuuma. Ine mundipatse injini ya maola 3,000 yokhala ndi fayilo ya malisiti, iyi ya 900 yopanda pepala mutenge ndinu.

Nditatsikira pansi ndinapeza kuti pakati pa injini ziwirizo pali mpata wokwana phewa limodzi. Mbali yoonekera inali yopukutidwa bwino, utoto wachikasu ukuwala. Mbali yakunja, yoyang'ana kukhoma la boti, dzanja silikanafika pokhapokha utachotsa sofa ya pabalaza n'kuzula thabwa la pansi. Ndinalowetsa foni kumeneko n'kujambula mwakhungu. Chithunzi chinaonetsa utoto wofufuma, unga wobiriwira wa mchere pamalumikiziro a mapaipi, ndi fyuluta imodzi yomwe inali idakali ndi utoto wa ku fakitale. Mwini wake mwina sanali waulesi. Pamene dzanja silifika, ngakhale munthu wakhama amati ndidzapanga mawa. Malume anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali, n'kungoti, “Chikomekome cha mkuyu,” osaumaliza mwambiwo. Nditawauza kuti 3208 ilibe masilivi ochotseka, kuti ikatha imafunika kuitulutsa yathunthu kupita nayo kumakina, anayang'ana denga la boti kufuna pomwe ingatulukire, ndipo panalibe.

Komabe dzimbiri silinawafooketse kwenikweni, chifukwa munthu wa malole amakhulupirira kuti chitsulo chilichonse chimakonzeka. Anawafooketsa ndi masamu a dizilo.

Lita imodzi ya dizilo imapereka mahosipawa pafupifupi 5 kwa ola limodzi, kaya injini ndi ya ku America kaya ya ku Sweden. Ndiye funso ndi lakuti boti likufuna mahosipawa angati kuti liyende, ndipo yankho limadalira kayendedwe kake. Boti likhoza kukankha madzi pang'onopang'ono monga imachitira sitima ya Ilala, kapena kudzuka n'kumaseseleka pamwamba pa madzi. Lokankha madzi lili ndi malire odalira kutalika kwake: la mamita 11 limathera pa makilomita 14 kapena 15 pa ola, ndipo ukawonjezera moto limangokumba dzenje kumbuyo kwake. Koma kuti lifike pa malire amenewo silifuna mphamvu zambiri. Mphamvu zimafunika pofuna kudzutsa matani 12 kuti akwere pamwamba pa funde lawo lomwe. Boti loyera lija, kuti lithamange makilomita 37 pa ola, limafuna mahosipawa ngati 500 nthawi yonse, ndiye kuti malita 100 pa ola.

Tili pa nkhomaliro ndinalemba kuseri kwa lisiti. Kuchoka ku Monkey Bay kukafika ku Likoma ndi makilomita pafupifupi 220. Boti lothamanga: maola 6, malita 600, kupita kokha. Loyenda pang'onopang'ono, la injini imodzi ya mahosipawa 120 yomwa malita 9 pa ola: maola 17, malita ngati 150. Migolo itatu mbali iyi, mgolo umodzi wosadzaza mbali inayo. Malume ndi munthu woti malole ake anagonapo pamzere wa mafuta ku Lilongwe, choncho sanafune kufotokozeredwa zambiri. Anangofunsa kuti, “Nanga wobwerera ndikamupeza kuti pachilumba?”

Sindikunena kuti liwiro n'lopanda ntchito. Nyanja ya kwathu si dziwe. Mwera ukayamba kuwomba, kuyambira mwezi wa Meyi mpaka cha mu Seputembala, mafunde amakula pa nthawi yochepa, aafupiafupi ndi ochindikala, ndipo ndi nyanja yomweyi imene inamiza sitima ya Vipya mu 1946 pamodzi ndi anthu 145. Boti lothamanga likhoza kudumpha makilomita 40 a pakati pa Cape Maclear ndi Senga Bay m'mawa mphepo isanakwiye. Limenelo ndi phindu lenileni. Koma mafunde akakupeza uli pakati, umakakamizika kuchepetsa moto, ndipo boti lopangidwira kuseseleka likamayenda pang'onopang'ono limayendayenda mphuno uku ndi uku, kumagudubuzika, chifukwa pansi pake n'pophwatalala. Pa nthawi imene ukulifuna kwambiri, lija la mimba yakuya ndi lolemera ndi limene limakhala bwenzi.

Lachiwiri linali la mtundu umenewo. Linapangidwa ku Taiwan m'ma 1980, pa nthawi imene mafakitale a kumeneko ankatulutsa maboti ambiri otengera maonekedwe a Grand Banks. Injini yake inali imodzi, Ford Lehman ya mahosipawa 120, yopanda turbo, yopanda kompyuta, ndipo ndinatha kukhala pansi pambali pake miyendo nditatambasula. Ndikanakhala ine wogula, mtima ukanathera pomwepo. Malume analizungulira kamodzi n'kunena kuti likuoneka ngati la boma.

Linali ndi matenda ake nalonso, odziwika bwino pa maboti a mtundu umenewu. Pamwamba pake anayalapo matabwa a teak omangidwa ndi masikuluwu mazanamazana, ndipo sikuluwu iliyonse ndi khomo la madzi. Ndinayenda chokwawa ndikugogoda ndi chigwiriro cha sikuludiraiva. Pabwino pamalira kuti ngo ngo, pamene pawola m'kati pamangoti phu. Mbali yonse ya kumanzere inkati phu. Madzi olowa pamenepo amadonthera pamwamba pa mathanki a dizilo, omwe ndi achitsulo wamba, ndiye thanki imayamba kuboola kuchokera kudenga kumene diso silifika. Mathankiwo anaikidwa boti lisanavundikiridwe, choncho kuti atuluke uyenera kuyamba watulutsa injini kapena kuwadula zidutswazidutswa. Mtengo wa botilo unali wotsika, inde, koma ntchito imeneyo yokha ikanameza kusiyana konse.

Za injini imodzi kapena ziwiri tinakangana kwambiri, ndipo mpaka lero sitinagwirizane kwenikweni. Malume amati ziwiri ndiye chitetezo, ina ikazima ina ikufikitsa kumtunda. Ine ndimati injini ya dizilo yosamalidwa ikazima panyanja, nthawi zambiri mlandu ndi wa mafuta, madzi kapena zinyalala zimene mafunde avundula pansi pa thanki, ndipo ngati ziwirizo zamwa dizilo wogulidwa pamalo amodzi zimazima motsatizana. Pamene ziwiri ndiye kuti chilichonse kawiri: oyilo, mafyuluta, mabatire, magiyabokosi, mapulopela. Koma mfundo yawo ili ndi mutu. Kuno ku South Africa ukayitana pawailesi, anthu odzipereka a NSRI amatuluka ndi boti lawo usiku kapena usana. Pakati pa Nkhata Bay ndi Likoma, makilomita 70 a madzi okhaokha, thandizo limachokera kutali. Tinakumana pakati: injini imodzi ya dizilo yokhala ndi mafyuluta awiri oti wina akatsekeka umangotembenuza kampopi, kuphatikizapo ka Yamaha Enduro kopachika kumbuyo, kamene msodzi aliyense wa pagombe amakadziwa m'kati ndi kunja.

Kudziwika kumeneku ndi kumene ndinkayang'ana pa injini iliyonse. Zatsopanozi, zoyendetsedwa ndi kompyuta, n'zabwino kwabasi: sizifuka, sizichita phokoso, zimamwa mosamala. Koma zimapopa mafuta pa mphamvu yoposa mabar 1,500, ndipo madontho ochepa a madzi amatha kuwononga mainjekita. Dizilo wa kunyanja amayenda m'migolo ndi m'zigubu asanafike muthanki. Ikadwala injini yotere imafuna munthu wa laputopu yokhala ndi pulogalamu ya kampani yake, ndipo munthuyo ngati ali ku Durban ndiye kuti tikiti ya ndege ndi gawo la mtengo wa sevisi. Zipangizo zake n'zogula ndi madola, ndipo aliyense amene anali ndi katundu panjira mu Novembala 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, akudziwa tanthauzo lake. Cummins ya malita 5.9 kapena Perkins 6.354 zili ndi abale awo m'malole, m'majenereta ndi m'mathirakitala a Massey Ferguson, choncho makaniko wa ku Kanengo akatsegula sakhala mlendo. Ndinawachenjeza malume kuti ubalewo umathera pa thupi la injini. Pampu ya madzi a m'nyanja, choziziritsira ndi chigongono cha ekizozi ndi za paboti pokha, sungazipeze pa shelefu ku Limbe.

Pali maboti ena amene pulopela yake ili pa mwendo wotuluka kumbuyo, wotha kukwezedwa. Kwathu mwendo wotere uli ndi ubwino wake, chifukwa usiku nyanja imadzaza ndi maukonde a usipa, ndipo ukakola chingwe umangoukweza n'kudula uli m'boti. Boti la shafti limafuna munthu alowe m'madzi ndi mpeni. Koma mwendowo uli ndi magiya, ndi labala wopindapinda amene akang'ambika boti limamwa madzi, ndipo amafunika kumusintha boti lili pamtunda. Shafti ndi chitsulo chowongoka basi. Ndinasankha shafti.

Pa kamangidwe ka m'kati, malume ankawerenga mabedi. Boti la mabedi 6 linkawakomera kuposa la mabedi 4, ngati kuti akugula nyumba ya lendi. Ndinawafunsa kuti andiuze mayina a anthu amene adzakwere. Anayamba kutchula: akazi awo, adzukulu, azibusa akabwera kudzapuma, anzawo a bizinesi, ndi agogo amene mawondo anawatha kale. Ndinawafunsanso kuti mwa amenewa ndani adzagone m'kachipinda ka pansi pa boti ku Mangochi mwezi wa Okutobala, nyumba yamphepo ili pomwepo pamtunda. Anaseka. Maboti ambiri a ku Ulaya anapangidwira anthu awiri kapena anayi othawa mvula ndi kuzizira, n'chifukwa chake ali ndi magalasi akuluakulu ndi zipinda zotsekeka. Banja la kwathu limakwera anthu khumi ndi kuposa, usana, ndi mapoto a chakudya chophikidwa kale. Limafuna mthunzi waukulu, malo okhala onse pamodzi, tinjira ta m'mbali totakata tokhala ndi zogwirira kuti mwana asaterereke, ndi pokwerera potsika. Chipinda chachikulu cha kumbuyo, chimene ogulitsa amachinyadira, chimadya bwalo lomwe anthuwo akanakhalapo ndipo chimakweza boti kotero kuti agogo sangakwere popanda kunyamulidwa. Kansanja kapamwamba n'kosangalatsa, koma makwerero ake pa mafunde ndi a anyamata.

Pa zinthu ziwiri ndinaumirira popanda kukambirana. Maboti ambiri akale chimbudzi chake chimatayira m'madzi mwachindunji. M'nyanja yaikulu ena amaziona ngati zazing'ono, koma pa Cape Maclear, m'malo otetezedwa amene UNESCO inawalemba mu 1984, pagombe pomwe amayi akutsuka mbale ndi ana akusambira, zimenezo n'zosayenera munthu wamkulu. Pamafunika thanki yosungira zonyansa. Chachiwiri ndi gasi wophikira. Gasi ndi wolemera kuposa mpweya, akatuluka amatsikira pansi pa boti n'kudikira moto, choncho silinda iyenera kukhala m'bokosi lakelake lotulutsira kunja.

Ndiye panabwera nkhani imene wogula wa ku Cape Town saiganizira n'komwe: boti lifika bwanji ku Mangochi. Ilala inamangidwa ku Scotland mu 1949, inabwera zidutswazidutswa kudzera ku Beira ndi pa njanji, n'kuyamba ntchito mu 1951. Boti la faiba silimasulidwa, limakwera lole lathunthu. Pamsewu wa ku South Africa katundu akaposa mamita 2.6 m'lifupi kapena 4.3 kutalika kuchokera pansi amafuna chilolezo chapadera, ndipo boti la mamita 12 limakhala pafupifupi mamita 4 m'lifupi, kansanja kake n'kofunika kuchotsa. Apa malume ndiwo anali mphunzitsi. Anawerenga pa zala Beitbridge, Nyamapanda, mlatho wa Zambezi ku Tete, Zobue ndi Mwanza, dziko lililonse ndi mapepala ake ndi galimoto yoperekeza, kireni pokweza ndi kireni potsitsa, kenako msonkho wa MRA umene amawerengera pa mtengo wa boti pamodzi ndi wa ulendo womwewo. Mita iliyonse ya m'lifupi inali ndi mtengo wake. Anakhala chete pang'ono, n'kunena okha kuti tiyang'ane laling'ono.

Anthu a maboti ali ndi kawerengedwe kawo kakuti pachaka boti limadya gawo limodzi mwa magawo khumi a mtengo wake. Pa boti lakale ndimaona kuti kawerengedweko kamanyenga, chifukwa mtengo wogulira umatsika ndi zaka koma mtengo wa pampu sutsika. Boti limadya molingana ndi kukula kwake ndi mtengo umene linali nawo lili latsopano. Amene wagula lalikulu motchipa amakhala walowa m'mabilu a munthu wolemera kuposa iye. Madzi a kwathu amachepetsako zina: mchere kulibe, tizigoba tomera pansi pa boti kulibe, ungofunika kusintha timiyala ta zinki toteteza zitsulo n'kuika ta magineziyamu toyenera madzi opanda mchere. Zina zimawonjezereka. Dzuwa limapsereza mipando ndi matenti. Pomangirira payenera kupirira mwera ndi mpoto womwe, ndipo nyanja imasuntha malire ake, monga mu 2024 pamene madzi anakwera mpaka kulowa m'malo ogona alendo ku Mangochi. Malo otulutsira boti lolemera pamtunda ndi ochepa. Pali kulembetsa ndi kuyezetsa ku Marine Department, inshuwalansi, mlonda, ndi woyendetsa. Ndipo dizilo akakhalitsa muthanki m'dziko lotentha amamera zinthu zakuda zonanda zimene zimatseka fyuluta pa tsiku lomwe alendo avala kale zipewa.

Limene anagula tinalipeza ku Richards Bay. Mamita 9 m'litali, 3 m'lifupi, lomwe kale linkatengera anthu kokawedza. Kachipinda kamodzi kutsogolo, chimbudzi, ndi bwalo lalikulu kumbuyo. Injini ndi Cummins 6BT ya mahosipawa 210 pa shafti, maola oposa 4,000, ndipo mwini wake anatulutsa makope a sukulu olembedwa tsiku lililonse limene anasintha oyilo, lamba kapena kapulopela ka labala ka m'pampu. Tsiku loyesa ndinalawirira n'kuyamba ndagwira injini ndi dzanja, chifukwa wogulitsa wochenjera amaitenthetseratu kuti ibise ulesi wake polira. Inali yozizira. Inalira pa kiyi woyamba, katsi koyera pang'ono kenako mbee. Titatuluka padoko ndinapempha moto wonse, ndipo singano ya liwiro la injini inafika pa 2,600 pamene iyenera kufika n'kukhala pomwepo kwa mphindi khumi, kutentha osakwera. Oyilo tinamutumiza kokayezetsa, ndipo katswiri woyeza maboti amene tinamulipira tokha, osati wa wogulitsa, analitulutsa m'madzi n'kupeza matuza ochepa pa faiba ndi beringi ya shafti yotha. Zimenezo zinatsitsako mtengo.

Malume sanabise kuti si boti limene ankalota. Amati likaima pafupi ndi a anzawo limaoneka ngati labwera kudzagwira ganyu. Ndalama imene inatsala inapita ku denga la mthunzi lofika mpaka kumbuyo, thanki ya chimbudzi, bokosi la zipangizo zosinthira lomwe linakwera lole limodzi ndi boti, ndi malipiro a mnyamata wina wa ku Monkey Bay amene anaphunzira za injini za m'madzi. Lachitatu lililonse amalimasula n'kuliyendetsa theka la ola mpaka injini itatentha bwino, kaya malume ali kunyanja kaya ali ku Lilongwe, ndipo amalemba m'kope.